Charger yatsopano ikubangula ndi masipika

Akonzi,

Mundilole ndidandauleko, ngakhale nkhani yake ndi ya kutali ku America. Mdzukulu wanga anandionetsa pa foni Dodge Charger ya magetsi, ija inatuluka mu 2024. Akuti kumbuyo kwake anamangirirako masipika oti azitulutsa phokoso longa la injini ya V8, injini yaikulu ya masilinda 8. Ndinamvetsera kawiri, n'kumubwezera foni yake. Galimoto yopanda pisitoni ngakhale imodzi, koma ikubangula ngati mkango wa mu wailesi!

Ine ndinakulira m'galaja. M'zaka za m'ma 1970 ndinali ku Joni, ntchito yanga ili yopatsira masipanala, ndipo n'kumeneko ndinakumana koyamba ndi V8. Inali Capri Perana, zija Basil Green ankatenga Ford Capri wamba n'kulowetsamo injini ya ku America ya malita 5. Mwini wake akailiza, zitini za mabawuti pa shelefu zinkanjenjemera, ndipo kulira kwake unkayamba kukumva m'chifuwa, makutu pambuyo. Ikamalira ili chiimire inkachita ngati ikutsokomola, thupi lonse gwedegwede. Bwana wathu, mkulu wosakonda kuyankhula, anandiphunzitsa kugunditsa sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake n'kuchikanikiza pa khutu, kuti ndimve tapeti (kachitsulo kokankha valavu) imene yamasuka. Mpaka lero khutu langa lakumanja limadziwa zimenezo kuposa maso.

Nzeru ya magalimoto amenewa inali yachidule. Mu 1963 John DeLorean ndi anzake ku kampani ya Pontiac ku America anatenga Tempest, galimoto yapakatikati, n'kuikamo injini ya malita 6.4 yochokera m'zimagalimoto zikuluzikulu, naitcha GTO. Thupi lopepukirapo, injini ya chilombo, mtengo woti mnyamata wa pa fakitale n'kukwanitsa. Mu April 1964 Ford anatulutsa Mustang, ndipo ku Detroit, mzinda wa makampani a magalimoto, kunabuka mpikisano: Camaro, Charger, Road Runner ya Plymouth. Pofika 1970 Chevelle SS 454 inali ndi injini ya malita 7.4, mphamvu zake zofanana ndi mahatchi 450.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Lamulo loletsa utsi woipa la mu 1970 linapana mainjini pakhosi, a inshulansi anakweza mitengo kwa achinyamata, kenako mu October 1973 mayiko a Aluya anatseka mafuta opita ku America. Anthu anayamba kufola pa malo omwetsera petulo. Ife a kuno mizere imeneyo sitisowa woti atifotokozere. Ndani akanafunanso galimoto yomwa ngati chidakwa cha pa maliro?

Ndisanamizire kuti zinali zangwiro. Zambiri zinali ndi mabuleki a dramu, otentha msanga, ndipo pa kona zinkapendama ngati ngolo yodzaza chimanga. Petulo wake anali wa mtovu, ndipo ife tinkapuma utsi umenewo tsiku lonse osadziwa kanthu. Ya magetsi ija ikhoza kuzisiya zonsezo pa fumbi. Sindikulimbana ndi magetsi ayi.

Chimene ndikulira ndi boneti. Ukaitsegula unkaona chilichonse, mpaka nthaka ya pansi: kabuleta pamwamba, mapulagi 8, lamba wa fani, basi. Galimoto ikadwala inkanena yokha. Ikaphulika ku ekizozi, ukudziwa kuti moto ukuchedwa. Utsi ukada, petulo wachuluka, tembenuza kasikulu pang'ono, mvetsera, bwezera theka. Phokoso lija silinali lokometsera, linali injini ikukuuza za moyo wake. La masipika likuuza chiyani? Batire ikhale bwino, ikhale ikufa, nyimbo ndi yomweyo. Ndipo ikaima pa msewu, mwini wake amangopinda manja kudikira mnyamata wa laputopu.

Plymouth inatsekedwa mu 2001, Pontiac mu 2010. Mu December 2023 anasiya kupanga Dodge Challenger ndi Camaro yomwe. Yatsala Mustang, ikali ndi V8 yake ya malita 5.

Kuno kwathu magalimoto amenewa sanali ofala, chifukwa ambiri anali ndi chiwongolero kumanzere, komanso misewu yathu sikanawalola. Komabe m'bale wawo alipo. Injini ya V8 ya mu Range Rover zakale inachokera kwa Buick ya ku America, a Rover anachita kugula pulani yake. Choncho ngati pali wowerenga amene ali nayo ina yogona pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pa mpando, asathamangire kuigulitsa kwa ogula zitsulo. Andidziwitse kudzera kwa inu, Akonzi. Masipanala ndikali nawo, batire ndibwereka, ndipo ndibwera ndi mdzukulu wanga uja kuti adzaime pafupi ndi ekizozi.

Makaniko wopuma,
Zingwangwa, Blantyre