Kalata yotseguka kwa Mkulu wa UNESCO: wotola mwala wamakedzana apite kwa ndani?

Olemekezeka Mkulu wa UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe,

Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale, ndipo ndikukulemberani chifukwa cha mwala umene mwana wina wa m'kalasi mwanga anabwera nawo m'chikwama cha mabuku. Mwalawo ndi wokwana bwino m'chikhatho, wosongoka mbali imodzi, wobulungira mbali inayo, ndipo uku ndi uku uli ndi zipsera zoonetsa kuti munthu anakhala pansi n'kuugumula pang'onopang'ono mpaka m'mbali mwake munathwa. Bambo a mwanayo anaupeza polima. Mwanayo anautsuka ndi sopo kuti uoneke bwino pamaso panga. Nditamufunsa pamene unatuluka, anawerama n'kunena kuti bambo amuletsa kuulula, poopa kuti boma likamva lidzawalanda munda kapena kuwamanga. Ndinalembera ofesi ina yoona za zinthu zakale, koma yankho silinabwere. Mwala uja uli m'kabati mwanga mpaka lero.

Bambo aja sindikuwaimba mlandu, mwana uja ayinso. Palibe anawauzapo kuti chinthu chotere chikapezeka munthu amatani. Ndipo nkhani yawo si yachilendo. Miyala yambiri yosemedwa ndi anthu akale imayamba yakumana ndi khasu la mlimi, fosholo ya wokumba mchenga, thalakitala yokonza msewu kapena phazi la mbusa wa ziweto isanafike m'manja mwa katswiri. Akatswiri ofukula zamakedzana ndi ochepa, pamene anthu ogwira dothi tsiku ndi tsiku ndi osawerengeka. Pempho langa ndi lakuti bungwe lanu liike mtima pa munthu woyamba kutola mwalayu, chifukwa mbiri imapulumuka kapena kufera m'manja mwake.

Zimenezi zinayamba kale. M'chaka cha 1797, John Frere anaona anthu oumba njerwa ku Hoxne, ku England, akufukula miyala yosongoka m'dzenje lakuya mamita opitirira atatu, pansi pa dothi lomwe linali lisanasokonezedwepo. Analembera akatswiri a ku London kuti zidazo ziyenera kuti zinapangidwa kalekale ndi anthu osadziwa chitsulo. M'kalata yomweyo ananenanso chinthu chimene chimandipweteka nthawi zonse ndikachikumbukira: asanadziwe kuti miyalayo ndi yofunika, okumbawo ankaidzaza m'madengu n'kukaithira m'maenje a msewu wapafupi. Sanali anthu oipa. Anaona miyala, ndipo msewu unkafuna miyala.

Ganiziraninso za George McJunkin. Anabadwira mu ukapolo ku America, nakula n'kukhala kapitawo woyang'anira ng'ombe ku New Mexico. Mu 1908, madzi osefukira atagumula chigwa pafupi ndi tauni ya Folsom, anaona mafupa aakulu atatulukira m'khoma la chigwacho. Munthu wozidziwa ng'ombe ndi njati, anazindikira kuti mafupawo si a nyama iliyonse yomwe ankaidziwa. Anauza anthu kwa zaka zambiri koma palibe katswiri anabwera, mpaka anamwalira mu 1922. Ofukula anafika mu 1926. Chaka chimenecho anapeza nsonga za mikondo zamwala zitachoka kale pamalo pake, ndipo akatswiri anzawo anakana kukhulupirira kuti ndi za nthawi imodzi ndi mafupawo. Mu 1927 anapeza nsonga ina ili pakati pa nthiti za njati ya mtundu womwe unatha kalekale. Ulendo uno sanaikhudze. Anaisiya m'dothi momwemo n'kuitana okayikira aja kuti adzaone ndi maso awo, ndipo mkangano unathera pomwepo: anthu anali ku America zaka zoposa 10,000 zapitazo. McJunkin anali atagona m'manda zaka zisanu.

Nkhani ya ku Folsom imanena zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo chachiwiricho ndi chimene anthu wamba sanauzidwe. Nsonga za mu 1926 ndi ya mu 1927 zinali za mtundu umodzi. Chinasiyanitsa n'chakuti ina inapezeka ili pamalo pake. Mwala sunena zaka zake. Njira yotchuka ya radiocarbon imagwira pa zinthu zomwe zinakhalapo ndi moyo, monga makala, mafupa ndi zigoba, ndipo imalekera cha m'ma zaka 50,000. Chida chamwala amachiwerengera zaka poona zimene chagona nazo: makala a moto umene eni ake anakoleza, phulusa la phiri lophulika lomwe lili pamwamba kapena pansi pake, ngakhale mchenga weniweniwo. Timchenga tikakwiririka timasunga mphamvu inayake imene imachuluka m'kupita kwa zaka, ndipo poyeza mphamvuyo akatswiri amadziwa nthawi imene mchengawo unaona dzuwa komaliza. Njira imeneyi ndiyo inaonetsa kuti mitengo yosemedwa ndi kulumikizidwa ya pa mathithi a Kalambo, kumalire a Zambia ndi Tanzania, ili ndi zaka pafupifupi 476,000, monga analengezera mu 2023. Koma mchengawo ukangotembenuzidwa n'kuombedwa ndi dzuwa, chiwerengero chonse chimafufutika. Madzi akatayika saoleka.

Ngakhale tizibenthu timene wosema anataya tili ndi ntchito. Tikapezeka pamodzi, akatswiri amatha kutilumikiza ngati mbiya yosweka mpaka mwala woyamba uja ubwerere, ndipo amaona pamene munthuyo anayambira kumenya, pamene analakwitsa, ndi m'mene anakonzera cholakwacho. Amaona ngakhale pamene anakhala, chifukwa tizibenthu timagwa mozungulira miyendo ya wosema. M'mbali mwakuthwa mwa chida mumatsala zizindikiro zooneka ndi makina okuza zinthu, zonena ngati chinkadula nyama, chikopa kapena mtengo, ndipo nthawi zina mumatsala timbali ta zomera kapena ulimbo umene anamatira nawo mpini. Sopo ndi bulashi zimatha kuchotsa zotsalira zoterezi m'kanthawi kochepa. Mwana wanga uja ankafuna kundilemekeza. Akanauzidwa mawu atatu okha, akuti usatsuke, usasunthe, jambula, bwenzi lero tikudziwa zambiri.

Ndikudziwa, Olemekezeka, kuti bungwe lanu silinagone. Pangano la mu 1970 loletsa kugulitsa ndi kutulutsa m'mayiko chuma chachikhalidwe mozembera malamulo lathandiza mayiko ambiri. Nkhani za miyala yotchuka zimamvekanso kutali: mwala wa Rosetta umene asilikali a France anapeza ku Egypt mu 1799 ndipo wakhala ku British Museum, nyumba yosungira zinthu zakale ya ku London, kuyambira 1802, kapena mbalame zosemedwa pamwala za ku Great Zimbabwe, zomwe zina zinabwezedwa koma imodzi inatsala kwa zaka zambiri m'nyumba yakale ya Cecil Rhodes ku Cape Town. Nkhondo yobweza zinthu zotere ndi yoyenera ndipo ndili kumbuyo kwake. Koma zinthu zimenezo zili ndi mayina, zithunzi ndi maloya. Nkhwangwa yamwala yotuluka m'munda ilibe aliyense woinenera. Lowani pa intaneti muone mivi yamwala ya ku chipululu cha Sahara ikugulitsidwa mulumulu, popanda wonena chigwa chimene inatoledwa. Palibe nyumba yosungira zinthu zakale imene inabedwa, choncho palibe woitana apolisi, koma malo amene anthu ankakhala Sahara ikadali yobiriwira akusesedwa mpaka kuyera. Wotolayo nthawi zambiri ndi mmphawi, ndipo munthu yekha amene anamufikira n'kumuuza kuti miyalayo ndi ya phindu anali wogula.

Apa ndi pamene boma limagonjera wamalonda. Wamalonda amafika pakhomo, amalankhula chinenero cha mwini nyumba, amayankha tsiku lomwelo. Boma limakhala ku likulu, malamulo ake analembedwa m'chinenero cha kukhoti, ndipo mawu okhawo amene amafika kumudzi ndi akuti chindapusa ndi ndende. Malamulo a mayiko ambiri amati chinthu chamakedzana chopezeka m'nthaka ndi cha boma ndipo wochipeza akanene. Sindikutsutsa zimenezo. Koma akanene kuti? Kwa ndani? Akanena, munda wake ukhala bwanji? Lamulo losayankha mafunso amenewa limaphunzitsa anthu kubisa.

Njira ilipo ndipo inayesedwa. Ku England ndi Wales, kuyambira mu 1997, kuli dongosolo lotchedwa Portable Antiquities Scheme. M'zigawo muli anthu olembedwa ntchito yolandira zimene anthu wamba apeza. Munthu amapita nacho chinthu mwa kufuna kwake, iwo amachiyeza, kuchijambula, kulemba pamene chinapezeka ndi kumuuza mwini wake kuti n'chiyani. Zolembedwa mwa njira imeneyi zapitirira miliyoni imodzi, ndipo aliyense atha kuziona pa intaneti, kupatula malo enieni amene amabisidwa poopa akuba. Dongosololi lili ndi zofooka zake, ndipo akatswiri ena amati limalimbikitsa anthu kusakasaka zinthu dala. Kumeneko zinthu zambiri zimabwezedwa kwa wozipeza, zomwe mayiko ena sangavomere, ndipo sindikunena kuti avomere. Chimene ndikufuna titengepo ndi khomo lotseguka: munthu wodziwika dzina, wopezeka pafupi, amene ntchito yake ndi kulandira wotola mwala ndi manja awiri.

Ndikudziwa kuti simungalamule boma lililonse. Koma mumakhala pansi ndi nduna zoona za chikhalidwe za pafupifupi dziko lonse lapansi, ndipo zimene mumafunsa m'misonkhano yanu zimasanduka ntchito m'maunduna. Afunseni, dziko ndi dziko, kuti mlimi akapeza chida chamwala lero amaimbira nambala iti, ndipo amayankhidwa patatha masiku angati. Alimbikitseni alembe poyera, m'mawu osazungulira, kuti wonena zimene wapeza mwangozi sadzamangidwa, ndiponso kuti ngati pafunika kufukula m'munda mwake adzakambirana naye ndi kumulipira mbewu zoonongeka. Popanda lonjezo limeneli, zina zonse ndi kutaya nthawi, pakuti palibe kholo limene lingaike chakudya cha ana ake pachiswe chifukwa cha mwala.

Kenako pakhale tsamba limodzi lokha, la zithunzi, m'zinenero zimene anthu amalankhula kunyumba. Lionetse kusiyana kwa mwala wosweka wokha ndi wosemedwa ndi munthu: kamalo kosalala pamene panamenyedwa, kachotupa kamene kamatuluka m'munsi mwa malowo, timizere tonga mafunde a madzi tofalikira kuchokera pamenepo, ndi zipsera zotsatizana mwadongosolo. Lionetse mphero zakale, miyala yoboola pakati, nkhwangwa zopalidwa mpaka kusalala. Linene zochita: siyani pomwepo ngati n'kotheka, jambulani ndi foni mutaika chinthu chodziwika kukula kwake pambali, ikani chizindikiro pamalopo, musakumbe kufuna zina. Tsambali lifike kwa aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi akapitawo a ntchito za misewu ndi migodi, chifukwa iwo ndi amene anthu amawaonetsa zachilendo. Foni yojambula yafika m'manja mwa anthu ambiri, ndipo yambiri imalemba yokha malo amene chithunzi chajambulidwira. Chosowa ndi munthu kutsidya linalo woti alandire chithunzicho n'kuyankha.

Yankho limenelo musalichepetse. Munthu amene wayenda mtunda kukapereka mwala n'kusamvanso kanthu sabwereranso, ndipo amauza anzake kuti asavutike. Auzidwe chimene anapeza, zaka zake ngati zadziwika, ndi kumene chasungidwa. Dzina lake lilembedwe ngati iye afuna. Ku Lomekwi, kumadzulo kwa nyanja ya Turkana ku Kenya, kunapezeka zida zamwala za zaka 3.3 miliyoni, zakale kuposa zina zonse zodziwika. Gulu la Sonia Harmand ndi Jason Lewis linafika pamalopo mu 2011 litasochera njira, ndipo amene anayamba kuona miyalayo anali Sammy Lokorodi, mwana wa dera lomwelo la Turkana. Zotsatira zitasindikizidwa mu 2015, dzina lake linali pamndandanda wa olemba pamodzi ndi mapulofesa. Ulemu umene McJunkin sanaulawe ali moyo, Lokorodi anaulandira, ndipo palibe katswiri amene anachepa nazo. Ndikufuna izi zikhale chizolowezi chimene bungwe lanu limayembekezera kwa aliyense wolandira chilolezo chofukula.

Mwana uja tsopano ali m'kalasi lapamwamba, koma akandiona amandifunsabe kuti mwala wake uli ndi zaka zingati. Ndimamuuza kuti maonekedwe ake akufanana ndi zida za mtundu wa Acheulean, zotchedwa dzina la Saint-Acheul ku France, zimene anthu anazipanga kwa zaka zoposa miliyoni imodzi, ndipo kuti mkati mwa nthawi yaitali choncho ndi dothi la m'munda mwawo lokha limene lingatiuze pamene mwala wake ukugwera. Ndinapita kukacheza ndi bambo ake kawiri. Ulendo wachiwiri anandiuza kuti pamalopo pali miyala ina yambiri yotere, ndipo avomera kulozera munthu wa boma, bola abwere ndi kalata yonena kuti munda ukhalabe wawo. Kalata imeneyo ine sindingalembe. Pakadali pano kachigawo kameneko akusiya kosalima, koma anena kuti sangakasiye chaka chinanso.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wa mbiri yakale