Akuluakulu anga akuti ma hacker a maboma sangatifune ife

Zikomo Alangizi,

Ndimagwira ntchito ku bungwe lina la alimi kuno ku Chipata. Timagula nsawa ndi soya kwa mamembala athu a ku Katete, Chadiza ndi Lundazi, ndipo ine ndiye ndimayang'anira makompyuta, ngakhale ndine wamng'ono pa onse mu ofesi. M'makompyutamo muli mayina a alimi, manambala a NRC, manambala a foni amene timawalipirirapo, komanso makalata onse a pakati pa ife ndi mabungwe akunja otithandiza.

Chikundisowetsa tulo ndi magulu a ma hacker, anthu olowa m'makompyuta a eni ake mwakuba, otumidwa ndi maboma. Awa si anyamata aja otumiza uthenga wakuti ndalama ija muitumize pa nambala iyi. Ndi anthu olembedwa ntchito, ophunzira bwino, otha kukhala m'netiweki yanu miyezi yambiri inu osadziwa. Mu February 2016 gulu la Lazarus, limene dziko la America limati ndi la North Korea, linaba madola 81 miliyoni a banki yaikulu ya ku Bangladesh potumiza mauthenga abodza olamula kuti ndalama zisamutsidwe.

Nditafotokozera a tcheyamani ndi a komiti, anandiyankha mwaulemu kuti North Korea ilibe chimene ingafune kwa alimi a nsawa. Ndimawalemekeza kwambiri, ndi makolo anga, koma pano pokha sindikugwirizana nawo. Moto wa m'tchire sufunsa kuti mundawu ndi wa yani. Mu May 2017 vayirasi ya WannaCry inafika m'mayiko oposa 150, mpaka zipatala za ku Britain zinabweza odwala. Sinkasankha munthu, inkangolowa pakompyuta iliyonse ya Windows imene sinaikidwe update, kapulogalamu kotseka mipata yolowera mavayirasi, yomwe Microsoft inatulutsa mu March chaka chomwecho. Mwezi wotsatira kunabwera vayirasi ina ya NotPetya, imene Britain ndi America anati ndi ya Russia. Inalowera pa pulogalamu yowerengera ndalama ya ku Ukraine, koma inakaimitsa ntchito za kampani ya zombo ya Maersk, yomwe inalibe nawo mbali pa mkanganowo. Kwathu kuno, Bank of Zambia nayo inalowedwa mu May 2022, ngakhale kuti amenewo anali akuba ofuna dipo.

Tsono taonani mmene zilili kwathu. Ma update tinawatseka kuti mabandulo asamathe msanga. Imelo ya ofesi ili ndi pasiwedi imodzi yodziwika kwa aliyense, ndi amene anasiya ntchito omwe. Flashi imodzi imazungulira makompyuta onse, nthawi zina mpaka kokasindikiza mapepala m'tauni. Chimandiwawa kwambiri ndi chakuti munthu atalanda imelo yathu angalembere otithandiza aja m'dzina lathu, iwo n'kutsegula chifukwa amatikhulupirira. Kuchepa kwathu ndiye kungamukope. Nanga mayi wa ku Chadiza amene anatipatsa nambala yake ndi mtima umodzi, tidzamuuza chiyani ndalama za soya wake zikadzapita kwina?

Ndithandizeni, Alangizi. Ndiwalankhule bwanji akuluakuluwa kuti amve, popanda kuoneka ngati mwana wachipongwe kapena wofuna kudyapo pa bajeti? Akadzavomera kutulutsa kandalama kochepa, ndiyambire pati? Ine ndimaganiza zogula hard drive yosungirapo zinthu zathu n'kumaichotsa pa netiweki, kupatsa aliyense pasiwedi yakeyake, ndi kuika chitetezo chija chofuna nambala ya pa foni munthu asanalowe mu imelo, koma mwina kuphunzitsa anzanga kuzindikira imelo yachinyengo n'kofunika kuposa zonsezi. Ndiunikireninso za lamulo la Data Protection Act la 2021: zinsinsi za alimi zikabedwa, mlandu umagwera bungwe kapena ine wogwira makompyuta? Ndipo tsiku loterolo tithamangire kuti poyamba, ku ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti, kapena kupolisi?

Ine wanu wodandaula,
Chipata