Zodzola zochokera ku zomera nazonso zingawononge khungu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya mafuta odzola ndi sopo opangidwa kuchokera ku zomera, omwe adzaza m'misika ndi pa WhatsApp masiku ano, ndipo ogulitsa ake amatitsimikizira kuti sangavulaze munthu popeza ndi achilengedwe.

Ubwino wake ulipodi ndipo sindikuutsutsa. Mafuta a nsatsi, omwe agogo athu ankadzola kalekale, komanso a nthanga za malambe ndi a mapeyala, amasunga chinyontho pakhungu kuti lisatuwe kapena kung'ambika m'nyengo yozizira ya June ndi July. Madzi oterera a m'tsamba la aloe vera amaziziritsanso khungu lopsa ndi dzuwa.

Komabe aliyense amene anakula akuthyola mango akudziwa kuti utomoni wake umatentha milomo mpaka kusiya zilonda, ngakhale kuti ndi wachilengedwe. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mandimu. Atsikana ambiri akulangizidwa kupaka madzi ake kumaso kuti achotse ziphuphu ndi mabanga, osadziwa kuti m'madziwo, makamaka ochokera m'khungu la chipatsocho, muli zinthu zimene zikakumana ndi dzuwa zimawotcha khungu, nthawi zina mpaka kutuluka matuza. Matuzawo akapola pamatsala zipsera zakuda zimene zimatenga miyezi kuti zizimiririke, ndipo pakhungu lakuda ngati lathu zimachedwa kwambiri, moti mtsikanayo amagulanso mafuta ena oti awalitse pomwe padetsedwapo.

Apa m'pamene pali ngozi yaikulu, chifukwa ena mwa mafuta owalitsa khungu okhala ndi chithunzi cha karoti kapena papaya pabotolo amapezeka ndi mankhwala oopsa monga mercury, hydroquinone kapena ma steroid, omwe salembedwa pabotolopo. Ma steroid amapyapyalitsa khungu, pomwe mercury imawononga impso ndi minyewa, n'chifukwa chake mu 2023 mayiko a m'pangano la Minamata, loteteza anthu ku mercury, anagwirizana zothetsa kupanga ndi kugulitsana zodzola zothiridwa mercury pofika 2025.

Ndikupempha bungwe la Malawi Bureau of Standards kuti liziyeza pafupipafupi zodzola za m'misika, ndipo zotsatira zake zizifalitsidwa m'Chichewa. Ogula nawo asamapake chodzola chatsopano kumaso asanachiyese pang'ono m'kati mwa mkono n'kudikira masiku awiri, ndipo khungu likayabwa kapena kutupa, achisiye ndi kupita kuchipatala atanyamula botolo lake.

Wowerenga nyuzipepala yanu,
Mangochi