Kalata ya kwa mng'ono wanga: za kachipinda ka zovala kaja

Cape Town

Mng'ono wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira nonse muli bwino kumeneko, amayi ndi ana omwe. Kuno kulibe chovuta, ntchito ikuyenda. Zithunzi za kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya amayi ku Area 25 ndaziona, ndipo ndati ndikulembere bwinobwino chifukwa zokamba pafoni zimauluka. Ndalama ndatumiza pa Mukuru ija usaigwire usanamalize kuwerenga kalatayi.

Uyambe wamvetsa chimene ukugulitsa. Diresi likakhala pa mulu ku msika wa Tsoka ndi kaunjika basi, munthu amalitola ndi dzanja limodzi n'kuyamba kunenerera. Diresi lomwelo likachapidwa, kusitidwa n'kupachikidwa palokha poti munthu alione kumaso ndi kumbuyo, ndiye vinteji imene atsikana a m'maofesi a ku City Centre amaisakasaka pa Instagram. A malonda awa amati chovala ndi vinteji chikapitirira zaka 20 chisokedwereni. Tsono ntchito ya chipindacho ndi yoti chovala chilichonse chizioneka pachokha. Mulu usapezekemo ngakhale umodzi.

Usanalowetsemo kanthu, ulowemo dzuwa lili paliwombo, utseke chitseko ndi zenera, uyang'ane kudenga. Paliponse pamene pakulowa kadzuwa mpamene padzadonthe mu Januwale, ndiye mmisiri amateretu. Pansi pa malata pakufunika siling'i, apo ayi fumbi la mu Seputembala lizigwera pamapewa a zovala. Ya mabolodi ikakukanika mtengo, mphasa zatsopano zokhomera ku mitanda zimagwira ntchito, ndipo zimakongola. Khoma usapake laimu. Ndi wotchipa inde, koma amatsalira pa chilichonse chimene chakhudza khoma, jekete lakuda limatuluka lili mbuu. Ugule penti wa madzi wa PVA, woyera kapena wotuwa pang'ono. Chipinda cha mamita 3 mbali zonse, chotalika mamita 2.5, makoma ake ndi pafupifupi masikweya mita 30, ndipo kupaka kawiri pa pulasitala wokhakhala kudya malita osachepera 7. Ugule 10, otsalawo uzidzafufutira zipsera. Penti wa pinki kapena wobiriwira umuiwale: mtundu wa khoma umagwera pa chovala m'chithunzi, ndipo kasitomala amabweza katundu akuti si mtundu umene anaona. Polishi wofiira wa pansi uja alekeke, amadetsa mipendero ya madiresi ataliatali.

Ndalama yambiri ipite ku zopachikira, ndipo apa ndichedwepo. Upite kwa owotcherera a ku Mchesi akakupangire mafelemu awiri oima okha, a paipi ya madzi ya galvanised, ya mamilimita 25. Paipi yakuda yotchipa imachita dzimbiri m'dzinja, ndipo dzimbiri likagwira kolala ya shati yoyera kulichotsa kwake ndi ntchito. Ndikuti oima okha chifukwa njerwa za chipinda chija anamangira dothi. Bawuti ya m'khoma lotero imagwira masabata angapo, kenako m'mawa wina umapeza paipi ili pansi pamodzi ndi pulasitala yemwe. Anthu amayesa zovala n'zopepuka. Jinzi imodzi imaposa theka la kilogalamu, jekete lachikopa limafika makilogalamu 2, moti majekete odzaza mita imodzi ya paipi amayandikira theka la thumba la chimanga.

Miyezo yake uwapatse yolemba papepala. Felemu iliyonse ikhale mamita 2 mulitali. Ya madiresi ndi majasi paipi yake ikhale mamita 1.65 kuchokera pansi. Inayo ikhale ya mapaipi awiri, ya m'mwamba pa mamita 1.95, ya m'munsi pa mita imodzi, ndipo imeneyi ndi ya mashati, mabulauzi ndi masiketi. Uwaumirize kuti aike mwendo wina pakati. Akakuuza kuti paipiyo ndi yolimba, safunika mwendo, usamvere, chifukwa ikalemedwa imapindika pang'onopang'ono ndipo mahang'ala onse amatsetserekera pakati n'kukwinyana. Mapazi a felemu akhale masentimita 50 mulifupi kuti mwana akakoka chovala isamugwere. Poimika, paipi italikire masentimita 30 kuchoka kukhoma. Hang'ala imakhala masentimita 42 mpaka 45, ndiye theka lake likaloza kukhomako pamatsala kampata kodutsa mphepo. Kampata kameneko ndiko kamateteza zovala kuti zisachite chuku mu Febuluwale khoma likamazizira ndi chinyezi.

Mmene ndaonera pa zithunzi, zenera lili pambali pa chitseko ndipo layang'ana kummawa. Ndi mwayi umenewo. Felemu ya madiresi ikhale kukhoma la kumanzere ukamalowa, uikokere cha kuchitseko kuti pakona ya kumbuyo patsale mita imodzi mbali zonse. Pamenepo mpoyesera zovala: katani yokhuthala yofika pansi, misomali iwiri yokolekapo zimene munthu wavula, ndi kamkeka kopondapo. Galasi likhale lalitali masentimita 120 kapena kuposa, ndipo ulikhome kunja kwa kataniyo kumene kuli kuwala, kuti munthu atuluke adzione bwino, iwenso upeze mpata womuuza lamba woyenera diresilo. Felemu ya mashati ikhale kumanja, yokankhira kumbuyo, ndipo mita yotsala pafupi ndi zenera ndi ya tebulo. Pakati patsala malo oposa mita ndi theka oti anthu awiri n'kupishana.

Khoma la kumbuyo, loyang'anizana ndi zenera, ulisiye lopanda kanthu. Ukhomepo msomali umodzi pa mamita 1.8, basi. Apo mpojambulira. Cha m'ma 8 mpaka 10 koloko m'mawa kuwala kumadutsa pa katani yoyera yopyapyala n'kugwera pachovala mofewa, mopanda mithunzi. Chovala chilichonse uchijambule kanayi: kumaso, kumbuyo, lebulo, ndi pamene pali chilema ngati chilipo. Katani ya pazenera isamachoke, chifukwa dzuwa likamamenya malo amodzi tsiku ndi tsiku limasuwitsa nsalu, ndipo phewa limodzi la jekete limayera linzake lili bwinobwino.

Tebulo likhale la masentimita 90 mulitali, 50 mulifupi, ndi 85 msinkhu, kuti uzisitirapo osawerama. Kalipentala aike mashelefu awiri kunsi kwake, ya m'munsi italikire masentimita 20 kuchoka pa simenti kuopa chinyezi ndi chiswe, ndiponso kuti tsache lizilowa. Mashelefuwo ndi a majuzi ndi majinzi opinda. Juzi sapachika. Kulemera kwake komwe kumaikoka, khosi limatanuka, ndipo pamapewa pamatuluka tinyanga tosabwerera. Mahang'ala a waya nawonso amaboola mapewa. Ugule apulasitiki okhuthala kapena amatabwa, onse mtundu umodzi, ngowe zake zonse ziyang'ane kukhoma. Kanthu kakang'ono kameneka kamasintha maonekedwe a chipinda kuposa chokongoletsera chilichonse chimene ungagule.

Tsono chiwerengero. Shati imodzi imafuna masentimita 3 a paipi, diresi 4 kapena 5, jekete 8. Ukawerengetsa, mafelemu awiriwo anganyamule zovala 170 ndi kuposa, koma iwe usapyole 120. Muyezo wake ndi dzanja: ngati sililowa momasuka pakati pa mahang'ala, wadzaza kwambiri, ndipo kasitomala atopa asanafike pakati. Belo la makilogalamu 45 silingalowe lonse m'menemo, ndipo siliyenera kutero. Zosankhika ndi zochepa pa belo lililonse. Zotsalazo zipite kumsika zikagulitsidwe ngati kaunjika wamba. Posanja, uyambe ndi mtundu wa chovala, mashati paokha, masiketi paokha, kenako mkati mwake utsate maonekedwe kuyambira zoyera mpaka zakuda.

Chovala chochokera m'belo chisalowe m'chipindamo chisanachapidwe, ngakhale chioneke choyera bwanji. Belo uzimasulira pakhonde. Utembenuze chovala, uyang'ane m'misoko ndi m'khwapa ngati muli nsikidzi kapena timadontho takuda timene zimasiya. Za ubweya uziziyang'anira kudzuwa, tizibowo ta njenjete timaonekera pomwepo. Ubweya ndi silika amachapa ndi manja m'madzi ozizira, osafinya mopotokola, osathira Jik chifukwa amadya ulusi wake, ndipo juzi amayanika chogoneka pamthunzi. Fungo la m'belo lija limachepa ukathira theka la kapu ya viniga woyera m'madzi otsukuluzira omaliza. Magetsi akazima n'kugwiritsa ntchito simbi yamakala, usitire panja, ndipo pakati pa simbi ndi chovala uyale kansalu kopyapyala. Poliyesita wa m'ma 1970 amasungunuka simbi ikangopsa pang'ono, ndipo kanthethe kamodzi ka moto kamatha diresi lonse.

Usiku uzifunditsa mafelemu ndi nsalu zakale za pabedi, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Mapepala apulasitiki ayi, amatsekera chinyezi mkati. Makala ouma angapo m'kathumba kansalu pakona amathandiza kuyamwa fungo. Timibulu toyera tothamangitsa njenjete tija sindikufuna timveke m'nyumba ya amayi: ana amayesa maswiti, ndi poizoni, ndipo fungo lake limakanirira m'nsalu. Mbaula isayandikire khomo limenelo, utsi ndi fungo la usipa zimalowa m'zovala msanga. Ndikudziwanso kuti pokolola amayi adzakupempha kuti matumba awiri a chimanga agone pakona. Uwakanize mwaulemu, uwauze kuti ndanena ndine. Kumene kuli chimanga makoswe amafikako, ndipo khoswe amakonda kumanga chisa ndi juzi yaubweya.

Lebulo usadule ngakhale ikukanda, chifukwa ndiyo umboni wa zaka za chovala, ndipo mtengo wagona pamenepo. Chikalembedwa kuti chinapangidwa ku West Germany, ndiye kuti sichinapyole 1990. Czechoslovakia inatha kumapeto kwa 1992. Zambiri zochokera ku Britain uziona dzina la St Michael, limene sitolo ya Marks & Spencer inasiya kugwiritsa ntchito mu 2000. Pa jinzi kapena jekete la Levi's uyang'ane kansalu kofiira ka pathumba: E wa m'dzina la Levi's pakansaluko akakhala wamkulu, mwina wagwira cha 1971 isanafike, ndipo chimenecho usagulitse usananditumizire chithunzi. Tisheti imene mpendero wa pamkono uli ndi mzere umodzi wa ulusi m'malo mwa iwiri kawirikawiri ndi ya m'ma 1990 oyambirira kapena kale kuposa apo. Zoterezi zikhale kumapeto kwa felemu, pafupi ndi tebulo, pamene diso lako lili.

Chovala chilichonse chikhale ndi kakhadi komangira ndi ulusi ku lebulo, osati pini, pini imasiya dzimbiri. Pakakhadipo ulembe nambala, mtengo, ndi miyezo ya tepi m'masentimita: khwapa mpaka khwapa, chiuno, ndi kutalika. Saizi yolembedwa kale usaikhulupirire, 14 wa m'ma 1970 ndi wamng'ono poyerekeza ndi 14 wa lero. Nambala yomweyo ilowe m'kope lachikuto cholimba pamodzi ndi tsiku, mtengo wogulira, ndi wogulitsira. Munthu akalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ulembe nambala ya chovala nthawi yomweyo n'kuchichotsa pa felemu, kuti usagulitse diresi limodzi kwa anthu awiri.

Zokongoletsera zibwere pomaliza, ndipo zitatu zakwana. Makina a Singer a amayi aja, amene ali kuchipinda kwawo osagwira ntchito, uwapukute ndi mafuta uwaike pathabwa pamwamba pa felemu ya madiresi, koma thabwalo likhale ndi miyendo yakeyake yolimba. Chitenje chakale cha David Whitehead uchikoke pa felemu yamatabwa n'kuchikhoma pamwamba pa tebulo, osati kukhoma lojambulira. Lichero latsopano likhale la mipango ndi malamba. Mababu akhale awiri a LED, owala moyera, chifukwa achikasu amanamiza mtundu wa nsalu, ndi nyale imodzi yotchaja ya nthawi imene magetsi azima. Kandulo asalowemo.

Ndalamayo uigawe motere: denga ndi penti poyamba, kenako mafelemu, mahang'ala, galasi, ndipo loko wolimba wa pachitseko usamuiwale. Ikathera panjira, tebulo lidikire mwezi wamawa, pakadali pano ubwereke la amayi. Usanapite ku Mchesi uyeze chipindacho ndi tepi, makoma onse anayi ndi mpata wa pakati pa chitseko ndi khoma la kumanzere, unditumizire pa WhatsApp. Mpatawo ukachepera masentimita 60, chitseko chizimenya madiresi, ndiye tidzafupikitsa felemuyo asanaidule.

Undiperekere moni kwa amayi, uwauze kuti mankhwala a miyendo aja ndidzawapatsira munthu wobwera pa basi. Moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mkulu wako.