Lipoti la ulendo wa ku Lilongwe, nkhani ya machenjezo a pa chat m'magemu a ana

Moni nonse makolo anzanga, a Tcheya, a Msungichuma ndi nonse muli pa gulu pano. Pepani ndachedwa kulemba, ndinafika Lachisanu usiku, Loweruka kunali maliro ku Bembeke, ndiye lero ndi pomwe ndapeza mpata wokhala pansi. Marisiti a minibasi ndi a kogona ndasiya kwa a Msungichuma, chenji yotsala ili komweko.

Tsiku loyamba la maphunziro omwe munanditumako zinali za malamulo basi, ndingodutsamo. Lamulo la za pa intaneti tili nalo kuyambira 2016, lija amati Electronic Transactions and Cyber Security Act, oyang'anira mbali imeneyi ndi a MACRA, ndipo mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18 chisinthireni malamulo a dziko mu 2017. Nambala yaulere yothandiza ana ndi 116, chonde isungeni mufoni lero lomwe.

Koma zomwe munanditumira zenizeni zinabwera tsiku lachiwiri. Magemu ngati Roblox, Minecraft ndi Free Fire mwana samasewera yekha ayi, muli malo ocheza, amalemberana ndi anthu ali ku Brazil kaya ku Philippines, mwinanso kuyankhulana pa maiki. Ndiye eni magemuwa anaika makina oti aziwerenga zomwe anawo akulemba. Mwana akalemba mawu otukwana kapena nambala ya foni, ku Roblox mawuwo amabisika, pamangotuluka ####. Akapitiriza amalandira chenjezo pa sikirini, kenako amamutsekera chat kwa kanthawi, zikanyanya akaunti imatsekedwa tsiku limodzi, masiku atatu, sabata, mwinanso mpaka kalekale. Ku Minecraft kuyambira 2022 wosewera atha kulipota uthenga wa mnzake ndipo anthu a ku kampaniko amauwerenga. Roblox nayo mu Novembala 2024 inaletsa ana osakwana zaka 13 kutumizirana mauthenga apadera kunja kwa gemu, ndipo kuyambira Januwale 2026 aliyense wofuna kucheza akuyenera kutsimikiza kaye msinkhu, ambiri pojambulitsa nkhope pa kamera.

Mnyamata wina amene amatiphunzitsa analumikiza foni yake ku khoma kuti tonse tizionera. Anatsegula gemu ina ya ana, n'kulemba nambala yake ya foni, inabisika pompo. Analemba mawu oipa achizungu, anabisikanso, chenjezo n'kutulukira pamwamba. Kenako anatiyang'ana n'kunena kuti makolo mundikhululukire, analemba chitukwano cha Chichewa chija chotchula mayi wa munthu, sindingachilembe pano. Chinadutsa mbee, chonse, palibe chinabisika, chenjezo osabwera. Mu holo munangoti zii. Mayi wina wa ku Ntcheu amene ndinakhala naye pafupi anagwira pakamwa.

Pamenepo ndi pomwe ndinamvetsa. Makinawa anaphunzitsidwa chizungu, Chifalansa, Chipwitikizi ndi zilankhulo zina zikuluzikulu, chathuchi sachidziwa bwino. Mwachitsanzo Roblox inayamba kumasulira macheza m'zilankhulo 16 mu 2024, Chichewa mulibe. Ndiye munthu wamkulu wa kuno komwe atha kumamulembera mwana wanu mu Chichewa choyera, kumufunsa umaphunzira kuti, amayi ako amabwera nthawi yanji kuchokera ku msika, ndikugulira Robux kapena ma diamond (ndalama zogulira zinthu mu gemu) ukanditumizira chithunzi, makina aja osaona kalikonse cholakwika. Ndipo anatiuza kuti mawu oopsa kwambiri si chitukwano ayi, ndi aja oti tiye tikachezere pa WhatsApp, chifukwa mwana akangotuluka mu gemumo ngakhale kamlonda kochepa kaja kulibenso.

Ndikuuzeni za kunyumba kwanga, chifukwa zinandipweteka ndili mu holo momwemo. Mwezi wathawu mwana wanga wa Sitandade 6 ndinamupeza atakhala kuseri kwa khitchini ndi foni yanga, pa sikirini pali bokosi lachizungu loti waphwanya malamulo a macheza. Ine osafunsa, ndinalanda foni, ndinamukalipira kuti wayamba kutukwana anthu pa intaneti, sabata yonse sanaigwirenso. Nditabwerako Lachisanu ndinamuitana tili pa mbaula, ndinamufunsa bwinobwino kuti tsiku lija unalemba chiyani. Anakhala chete kaye, kenako akuti panali wina amene ankasewera naye masiku ambiri, anamupempha nambala kuti amutumizire bandulo, iye analemba ikubisika, analembanso ikubisika, anayesa kuilemba modukizadukiza, ndi pomwe chenjezo linabwera. Mwana sanatukwane munthu. Chenjezo lija ndi lomwe linatchinga kuti nambala yanga isapite kwa munthu amene sitikumudziwa nkhope, ine n'kumulanga mwanayo osafunsa n'komwe kuti winayo ndi ndani. Akuti ankaopa kundiuza poti ndikanamuletsa gemu. Ndinamupepesa.

N'chifukwa chake ndikupempha makolo anzanga, mukaona chenjezo musathamangire chikwapu. Jambulani sikirini kaye, mufunseni mwana kuti amacheza ndi ndani komanso winayo analemba chiyani poyamba. Nthawi zina mwana walakwadi, watukwana mnzake chifukwa waluza, pamenepo mulangizeni ngati mmene timachitira akatukwana pa bwalo la mpira. Nthawi zinanso makina amangolakwitsa, mawu athu ena amafanana ndi oipa achizungu, ndipo ku Roblox mutha kudandaula pasanathe masiku 30 kuti aonenso chilangocho.

Panali mtsutso pang'ono, abambo ena amati bola kungoletseratu magemu. Ine sindinagwirizane nazo ndipo ndinanena. Ana athu akaletsedwa kunyumba amakasewera pa foni ya mnzawo ku boma kuja kapena kogulitsa tchipisi, komwe sitingaone kanthu. Chinanso, ambiri amanama chaka chobadwa potsegula akaunti kapena amalowa ndi ya mkulu wawo, ndiye gemu imayesa ndi wamkulu, zotchinga za ana zija sizigwiranso ntchito. Izi ndiye tikhoza kukonza tokha.

A Tcheya, ndikupempha kuti Loweruka likubwerali 2 koloko masana tikumane pamalo pathu paja, aliyense abwere ndi foni yomwe mwana amaseweretsa, yotchaja bwino, ndipo ngati nkotheka mwanayo abwerenso chifukwa pasiwedi amaidziwa ndi iyeyo. Tiona limodzi chaka chobadwa pa akaunti, pozimitsira chat, pobulokera ndi polipotera. Timapepala tomwe anatipatsa ndi tachizungu, ndayamba kutembenuza usiku uno koma ndikufuna mphunzitsi mmodzi andithandize, amene ali ndi mpata andiimbire lisanafike Lachinayi.