Mkangano wa Thailand ndi Cambodia unayambira pa mapu

Akonzi,

Ambiri akamva kuti asilikali a Thailand ndi Cambodia akuwomberana amangoti akulimbirana kachisi wa Preah Vihear. Gwero lake ndi mapu. Pangano la 1904 pakati pa France, yomwe inkalamulira Cambodia nthawiyo, ndi Siam (dzina lakale la Thailand) linati malire atsate msana wa mapiri a Dangrek, pomwe madzi amagawikana. Koma mapu amene Afalansa anajambula pambuyo pake anapatuka, n'kuika kachisiyo mbali ya Cambodia. Siam sinadandaule msanga, ndipo mu 1962 khoti la ICJ, lomwe limaweruza milandu ya pakati pa mayiko, linati kukhala chete kumeneko kunali kuvomera. Mu 2013 khotilo linangomasulira za chitunda chomwe pali kachisiyo, osati malire onse. Malo ena mpaka lero sanagwirizane poika zipilala, moti aliyense amalondera potsata mapu ake. Mu Julayi 2025 asilikali a Thailand ataponda mabomba okwirira, mizinga inalira masiku asanu.

Wowerenga wanu