Mafumu a Agoti sanali anthu akutchire

Mkonzi,

Sindikugwirizana ndi nkhani yanu yonena kuti atsogoleri a Agoti, mtundu wa anthu akale a ku Ulaya, anali anthu akutchire ochokera ku Scandinavia. Ndaphunzitsa mbiri yakale kusekondale zaka zambiri, ndipo bodza lotere likalowa m'mutu mwa mwana, kulizula ndi ntchito.

Alaric, mfumu ya Agoti yemwe anafunkha mzinda wa Rome mu 410, anabadwira kufupi ndi mtsinje wa Danube, ndipo mu 394 anamenya nkhondo kumbali ya mfumu ya Aroma, Theodosius. Theodoric, mfumu inanso ya Agoti, anakulira ku Constantinople, likulu la Aroma akum'mawa, ngati chikole kwa zaka pafupifupi khumi, kenako mu 484 Aroma omwewo anamupatsa udindo wapamwamba m'boma lawo wotchedwa consul. Za Scandinavia zija tinaziwerenga kwa wolemba mbiri Jordanes, yemwe analemba cha mu 551, mafumu onse awiriwa atamwalira kalekale.

Chonde konzani nkhaniyi, ndipo zolemba za mbiri muziyamba mwaonetsa aphunzitsi musanazisindikize.

Mphunzitsi wa mbiri,
Zomba